Nyuzipepala Imene Inkayenda Dzanja ndi Dzanja

M'dziko la Soviet Union, chilichonse chisanasindikizidwe chinkayenera kudutsa m'manja mwa bungwe la Glavlit, limene boma lachikomyunizimu linakhazikitsa mu 1922. Zimene bungweli lazikana sizinkafika kwa owerenga. Motero kunabadwa mchitidwe wotchedwa samizdat, kutanthauza kudzisindikizira wekha. Munthu ankaika mapepala opyapyala angapo mutaipilaita, kaboni pakati pake, n'kutayipa nkhani yonse. Makopewo ankawagawira anzake odalirika, ndipo iwonso ankatayipa ena.

Pa 30 April 1968 ku Moscow kunatuluka kope loyamba la Khronika tekushchikh sobytiy, dzina lotanthauza mbiri ya zochitika za masiku ano. Analikonza ndi mlakatuli Natalya Gorbanevskaya. Khronika sinkanyoza boma kapena kuitanira anthu kuchipolowe. Inkangolemba amene wamangidwa, tsiku lake, mlandu wake, zaka zimene wagamulidwa ndi ndende imene ali. Ikalakwitsa, inkakonza m'kope lotsatira. Mphamvu yake inagona pamenepa, pakuti boma linkakana kuti lili ndi akaidi andale, pomwe mayina awo anali pamapepalawo.

Nkhani zinkafika kwa akonzi podzera njira yomwe makope ankayendera. Wowerenga ankanong'oneza amene anam'patsa kope, ameneyonso n'kuuza mnzake, mpaka uthenga ufike. Aliyense ankadziwa munthu mmodzi kapena awiri okha, kuti wina akagwidwa asathe kuulula onse.

Ngakhale zinali choncho, apolisi achinsinsi a KGB anawasaka. Gorbanevskaya anamangidwa mu December 1969, ndipo anatsekeredwa m'chipatala cha odwala misala ku Kazan, n'kumasulidwa mu 1972. Chaka chomwecho Pyotr Yakir ndi Viktor Krasin anagwidwa, ndipo Khronika inazilala pambuyo pa kope la 27. Mu May 1974, Tatyana Velikanova, Tatyana Khodorovich ndi Sergei Kovalev analengeza poyera kuti asenza udindo woifalitsanso, akudziwa bwino chimene chikuwadikira. Kovalev anagamulidwa zaka 7 kundende yakalavulagaga ndi zaka 3 zokhala kudera lakutali.

Khronika inalimbikira mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo makope ake anapitirira 60. Bungwe la Amnesty International linkawafalitsa m'Chingelezi ku London. Lero akatswiri a mbiri yakale amadalira mapepalawo pofufuza za anthu amene boma linafuna kuti aiwalike.