Makhalidwe oika moyo pachiswe ndi kupulupudza kwa ophunzira a kusekondale

Makhalidwe oika moyo pachiswe ndi monga kumwa mowa, kusuta fodya kapena chamba, kutchova njuga ndi kugonana mosadziteteza. Kupulupudza ndiko kuphwanya malamulo a sukulu kapena a dziko: kujomba, kuba, ndewu, kuzunza a Fomu 1 ndi kuswa katundu wa sukulu. Kawirikawiri zonsezi zimapezeka mwa mwana mmodzi yemweyo.

Zimene akatswiri anapeza

Mu 1977, Richard Jessor ndi Shirley Jessor a ku University of Colorado ku America anafalitsa zimene anapeza atatsata ophunzira kwa zaka zingapo. Iwo anaona kuti mowa, chamba, kuyamba msanga zogonana ndi kuphwanya malamulo zimayendera limodzi chifukwa muzu wake ndi umodzi: mwana kukhala ndi anzake oipa, kusowa womuyang'anira ndi kutaya chidwi pa maphunziro. Mu 1993, Terrie Moffitt anasiyanitsa magulu awiri. Achinyamata ambiri amapulupudza pa msinkhu wa unyamata wokha n'kudzasiya akakula, pomwe ochepa amene anayamba ali aang'ono amapitiriza mpaka ukulu.

Mmene zimalumikizirana

Choyamba ndi ndalama. Mwana wozolowera kachasu kapena kubetcha pa mpira amayamba wadya fizi, kenaka amagulitsa sopo ndi shuga zimene makolo anamupatsa, mapeto ake amathyola loko wa sutikesi ya mnzake. Chachiwiri ndi nthawi: kukagula chamba kumafuna kuthawa m'kalasi kapena kudumpha mpanda usiku. Chachitatu, mowa umachotsa manyazi ndi mantha, motero kamkangano ka chakudya chosapsa kudayiningi kamatha kusanduka chipwirikiti. Ku Malawi, ophunzira a m'sukulu zoyendera amene amachita lendi timanyumba pafupi ndi sukulu amakhala pachiopsezo chachikulu poti madzulo palibe kholo kapena mphunzitsi wowaona.

Komabe si kuti aliyense wolawa mowa amasanduka wakuba. Nthawi zina kujomba ndiko kumayamba, mowa n'kubwera pambuyo.

Malamulo

Ku Malawi n'koletsedwa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Mowa wa m'masacheti, umene unkabisika mosavuta m'thumba la yunifolomu, unaletsedwa ku Zambia mu 2012, kumene ankautcha tujilijili, ndipo Malawi inatsatira patapita zaka zochepa. Lamulo la mu 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, koma kusuta ukadali mlandu.

Mwana wopalamula amazengedwa motsata lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010, limene limalimbikitsa kumuwongola m'malo momutsekera pamodzi ndi akuluakulu. Ena amatumizidwa kumalo osinthira khalidwe ku Mpemba m'boma la Blantyre kapena ku Chilwa m'boma la Zomba. Amene asokonezeka mutu ndi mankhwala ozunguza bongo amalandira thandizo kuchipatala cha amisala cha Zomba komanso ku St John of God ku Mzuzu.