Vitiligo: Zimene Magazi Amaonetsa pa Nthenda ya Mawanga Oyera

Vitiligo ndi nthenda imene imacititsa mawanga oyera pa khungu, makamaka kumaso, m'manja ndi kumapazi. Imapezeka mwa munthu pafupifupi 1 pa anthu 100 alionse pa dziko lapansi. Si khate, si cialubino, ndipo munthu sangaitenge popatsana moni wa m'manja kapena podyera mbale imodzi ndi wodwala.

Gwero lake lili mu citetezo ca thupi. Ambiri amadziwa za asilikali a m'thupi ochedwa CD4 cifukwa ca nkhani za HIV. Palinso gulu lina lochedwa CD8, limene nchito yake ndi kupha maselo ogwidwa ndi tizilombo. Pa vitiligo, asilikali amenewa amasokonezeka n'kuyamba kupha maselo abwinobwino opanga melanin, cinthu cimene cimapatsa khungu mtundu wake.

Asilikaliwa amaitanana ndi mapuloteni ang'onoang'ono onyamula uthenga. A CD8 amatulutsa interferon-gamma, imene imacititsa khungu kupanga CXCL9 ndi CXCL10, ndipo ziwirizi zimakokera asilikali enanso pamalo omwewo. Mu caka ca 2014, gulu la Dr. John Harris la pa University of Massachusetts ku America linaonetsa kuti kutsekereza CXCL10 mu mbewa kunabwezeretsa mtundu wa khungu. Kafukufuku wina wapeza kuti CXCL10 imakhala yoculuka m'magazi a odwala, makamaka pamene mawanga akufalikira.

Kupima kotereku kukali kwa ocita kafukufuku. Ku cipatala, dokotala amazindikira vitiligo poona khungu, ndipo nthawi zina amapimanso cithokomiro, popeza matenda awiriwa amakonda kuyendera pamodzi. Komabe nzeruyi yabala mankhwala: mu July 2022, America inavomereza mafuta opaka a ruxolitinib amene amadula njira ya uthengawu. Aliponso mafuta akale a steroid ndi tacrolimus, amene amagwira bwino nthenda ikali yatsopano.

M'boma la Mambwe, m'cigwa ca Luangwa, kutentha kumafika pa madigiri 40 mu October. Khungu lopanda melanin limapsa msanga, motero alimi ndi asodzi okhala ndi mawangawa afunika cipewa cacikulu ndi malaya a manja aatali.

Woona banga loyera kapena lotuwa apite ku kiliniki yapafupi kapena ku cipatala ca mishoni ca Kamoto. Kumeneko amakhudza bangalo ndi thonje. Banga la vitiligo limamva kukhudzidwa, pamene la khate nthawi zambiri limakhala lacidzanzi. Khate limacira ndi mankhwala aulere, koma likacedwa limalemaza.

Tsiku lokumbukira vitiligo pa dziko lonse ndi 25 June. Linayambira ku Lagos, m'dziko la Nigeria, mu caka ca 2011.