Malick Sidibé ndi Ntchito ya Wojambula Zithunzi Wodziimira Payekha

Mau oyamba

Tikamanena za wojambula zithunzi wodziimira payekha, tikutanthauza munthu amene sanalembedwe ntchito ndi boma, nyuzipepala kapena kampani iliyonse. Munthu wotere alibe malipiro a pamwezi. Amagula yekha zipangizo, amafuna yekha anthu oti awajambule, ndipo pakhomo pake pamafuka utsi pokhapokha chithunzi chikagulidwa. Ambiri a iwo amagwira ntchito ziwiri pamodzi: masana amajambula anthu amene abwera okha kudzajambulitsa, ndipo usiku amapita kumene kuli nyimbo ndi magule.

Kuti timvetse bwino moyo wa ntchito imeneyi, tiona chitsanzo cha malemu a Malick Sidibé a mumzinda wa Bamako, likulu la dziko la Mali, kumadzulo kwa Africa. Mbiri yawo ikutionetsa mmene mmisiri wotere amaphunzirira ntchito, mmene amapezera ndalama, mmene msika wake ungathere mosayembekezeka, ndiponso chimene chimatsala msikawo ukatha.

Kubadwa ndi kuphunzira ntchito

A Sidibé anabadwira m'mudzi wa Soloba, kummwera kwa Mali kufupi ndi malire a dziko la Guinea, chapakati pa zaka za m'ma 1930. Nthawi imeneyo dzikolo linali m'manja mwa atsamunda a ku France. Banja lawo linali la mtundu wa Fula, anthu oweta ziweto, ndipo iwo ali mwana ankakhalira kubusa. Diso lawo lakumanzere linasiya kuona adakali aang'ono, kotero kuti ntchito yonse imene tikambe pano anaigwira ndi diso limodzi.

Anaphunzira sukulu ku Yanfolila ndi ku Bougouni, kumene aphunzitsi anaona luso lawo lojambula ndi manja. Luso limeneli ndi limene linawafikitsa ku Bamako, ku sukulu ya amisiri yotchedwa École des Artisans Soudanais, kumene anamaliza maphunziro mu 1955. M'chaka chomwecho, Mfalansa wina wojambula zithunzi, a Gérard Guillat, anawapatsa ganyu yokongoletsa sitolo yawo. Ganyuyo itatha anawasunga ngati wophunzira ntchito. Anayamba ndi zing'onozing'ono: kulandira ndalama, kugulitsa filimu ndi kuthandiza kutsuka zithunzi. Mu 1956 anagula kamera yawo yoyamba, ya mtundu wa Brownie Flash. Abwana awo ankajambula maphwando a azungu, ndipo iwo ankatumidwa ku maukwati ndi zisangalalo za anthu akuda. Kumeneko ndi kumene anadziwana ndi anthu amene pambuyo pake anadzakhala makasitomala awo.

Dziko la Mali linalandira ufulu wodzilamulira mu 1960. Mu 1962 a Sidibé anatsegula malo awoawo ojambulira, Studio Malick, m'dera la Bagadadji mumzinda wa Bamako.

Ntchito ya usiku: kumene kuli nyimbo

M'zaka zoyamba za ufulu, achinyamata a ku Bamako ankapanga timagulu ta anzawo, kalikonse ndi dzina lake, ndipo ankakonza madansi m'mabwalo a nyumba za makolo awo. Ankavina nyimbo za pa zimbale zochokera ku Cuba, ku France ndi ku America, monga za James Brown. Mnyamata ndi mtsikana kuvina atagwirana chinali chinthu chachilendo pa mwambo wa kumeneko. Chakumapeto kwa ulamuliro wa pulezidenti woyamba, a Modibo Keïta, amene anachotsedwa pampando ndi asilikali mu 1968, alonda a chipani ankadzudzula ndi kulanga achinyamata chifukwa cha zovala ndi zisangalalo zimene ankaziona ngati zotengera kwa azungu.

Wojambula wamkulu wa mumzindawo, a Seydou Keïta, amene anatsegula situdiyo yawo mu 1948, ankajambulira pamalo amodzi ndipo anthu ankawapeza pomwepo. A Sidibé anachita mosiyana: anatenga kamera yopepuka yokhala ndi nyali yake ndi kutsatira anthu kumene ali. Loweruka usiku ankakwera njinga yakapalasa ndi kuyendera madansi angapo, kuchoka apa kupita apo mpaka mbandakucha. Akafika pakhomo ankathwanimitsa nyali ya kamera kuti onse adziwe kuti wojambula wafika. Lamulungu masana ankatsatira achinyamata omwewo m'mphepete mwa mtsinje wa Niger, kumene ankakasambira ndi kucheza.

Tiyenera kuzindikira kuti kujambula anthu ovina si kopepuka. Malo amakhala amdima, anthu sakhazikika, ndipo nyali ya kamera imafika pafupi pokha. Wojambula ayenera kulowa pakati pa ovina popanda kuwasokoneza, ndi kumvetsera nyimbo kuti adziwe pamene thupi la wovina liime kanthawi kochepa. Komanso m'masiku amenewo filimu imodzi inkatenga zithunzi 12 kapena 36 zokha malinga ndi mtundu wa kamera, ndipo panalibe njira yoonera chimene wajambula usanatsuke. Chithunzi chilichonse cholakwika chinali ndalama yotayika.

Chithunzi chawo chodziwika koposa, chotchedwa Nuit de Noël, kutanthauza Usiku wa Khrisimasi, anachijambula mu 1963 pa dansi ya gulu la Happy Club. Chikuonetsa mnyamata akuphunzitsa mlongo wake kuvina, mitu yawo itayandikana, mtsikanayo ali wopanda nsapato. Mu 2016 magazini ya Time inachiika pa mndandanda wa zithunzi 100 zimene zakhudza kwambiri dziko lapansi.

Kutsuka ndi kugulitsa

Ovina akapita kukagona, ntchito ya wojambula inali itangofika pakati. Filimu imatulutsidwa m'kamera mumdima wandiweyani, chifukwa kuwala pang'ono kokha kumaononga zonse. Imaviikidwa m'mankhwala oyamba amene amatulutsa chithunzi, kenaka m'mankhwala ena ochilimbitsa kuti chisafufutike, ndipo imatsukidwa ndi madzi ndi kuyanikidwa. Chimene chimatuluka ndi negetivi, pamene zoyera zimaoneka zakuda ndipo zakuda zimaoneka zoyera. Kuchokera pa negetivi, chithunzi chimasindikizidwa pa pepala lapadera m'chipinda choyaka nyali yofiira yokha, ndipo pepalalo nalonso limadutsa m'mankhwala, m'madzi ndi pachingwe choyanikira.

A Sidibé ankasindikiza tizithunzi ting'onoting'ono ta usiku wonse ndi kutimata pa mapepala olimba. Pamwamba ankalemba dzina la gulu ndi tsiku la dansi, ndipo kachithunzi kalikonse kanali ndi nambala yake. Kumayambiriro kwa sabata achinyamata ankabwera ku situdiyo kudzadziona, kusekana ndi kusankha nambala imene akufuna. Apo ndi pamene ndalama inkalowa.

Apa tikuona mmene chuma cha wojambula wodziimira payekha chimayendera. Iye amayamba waononga ndalama zake pa filimu, mankhwala ndi mapepala, amataya tulo, ndipo amadikira kuti mwina anthu adzagula. Phindu lake limadalira zinthu zitatu: kuti anthu amuitane, kuti adzikonde pa chithunzipo, ndi kuti akafuna china patapita miyezi iye athe kupeza negetivi yake msanga. N'chifukwa chake kulemba manambala ndi masiku kunali mbali ya ntchito yofunika mofanana ndi kugwira kamera.

Ntchito ya m'situdiyo

Situdiyo ya a Sidibé inali kachipinda kakang'ono. Kumbuyo kunkapachikidwa nsalu, kawirikawiri yamizeremizere, ndipo pansi panali poyala pa mabokosi akuda ndi oyera. Anthu ankabwera atavala zovala zawo zatsopano, makamaka pa masiku a zikondwerero, ndipo ankabweretsa zinthu zimene ankanyadira: njinga yamoto, wailesi, wotchi, magalasi a dzuwa, zimbale za nyimbo, ngakhale nkhosa.

Luso la m'situdiyo ndi losiyana ndi la ku dansi. Munthu akaima pamaso pa kamera amauma thupi ndipo nkhope imachita mantha. A Sidibé ankadziwika ndi nthabwala. Ankacheza ndi munthuyo, kumukonza phewa, kumuuza poika manja ndi kumutembenuza pang'ono kufikira ataoneka monga mmene iye mwini ankafunira kuoneka. Maphunziro awo ojambula ndi manja ankawathandiza kuona msanga kaimidwe koyenera munthu aliyense. Wojambulitsa amapereka ndalama zake kuti alemekezeke, chifukwa chithunzicho chidzatumizidwa kwa abale akutali, chidzapachikidwa pakhoma, ndipo tsiku lina chidzakhala chokhacho chimene adzukulu adzamudziwire. Wojambula amene wanyozetsa munthu pa chithunzi samuonanso, ndipo abale ake nawonso sabwera.

Pamene msika unatha

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 zinthu zinasintha. Madansi a m'makomo anachepa, ndipo a Sidibé anasiya kuyenda usiku n'kutsalira ntchito ya m'situdiyo. M'zaka za m'ma 1980 kunafika zithunzi zamitundumitundu zotsukidwa ndi makina, pamodzi ndi makamera otsika mtengo amene aliyense ankatha kugwiritsa ntchito. Anthu anasiya kufuna zithunzi zakuda ndi zoyera zotsukidwa pamanja. Mmisiri amene mzinda wonse unkamuitana anayamba kudalira kukonza makamera owonongeka ndi kujambula tizithunzi ta pa ziphaso.

Komabe pa zaka zonse zovutazo sanataye manegetivi awo. Anawasunga m'timabokosi tolembedwa masiku, tosanjikizana m'mashelefu a situdiyo, ngakhale panalibe amene ankawafunsa. Akuluakulu anati sunga khosi mkanda uoneka.

Kudziwika kunja kwa Mali

Mu 1991, pa chionetsero china cha zaluso za ku Africa mumzinda wa New York, panaikidwa zithunzi zochokera ku Bamako popanda dzina la amene anazijambula. Katswiri wa zaluso wa ku France, a André Magnin, anapita ku Bamako kukafufuza mwini wake. Anthu anawalozera kwa a Sidibé, amene ankadziwika ngati okonza makamera, ndipo iwo atangoziona ananena kuti zinali za a Seydou Keïta. Umu ndi mmene dzina la a Keïta linabwezeredwera pa ntchito yawo, ndipo ndi mmenenso mabokosi a a Sidibé anatsegulidwira.

Mu 1994 zithunzi za akuluakulu awiriwa zinaonetsedwa pa msonkhano woyamba wa ojambula zithunzi a mu Africa, Rencontres de Bamako. Mu 1995 za a Sidibé zinaonetsedwa ku Fondation Cartier mumzinda wa Paris. Mu 2003 analandira mphoto ya Hasselblad ya ku Sweden. Mu 2007 analandira Mkango wa Golide pa chionetsero chachikulu cha zaluso cha ku Venice, ku Italy, poyamikira ntchito ya moyo wawo wonse, ndipo anali munthu woyamba wa ku Africa komanso wojambula zithunzi woyamba kulandira ulemu umenewu. Mu 2008 bungwe la International Center of Photography la ku New York linawapatsa ulemu wofanana nawo, ndipo mu 2010 anapambana mphoto ya World Press Photo ndi chithunzi cha zovala chimene anajambulira magazini ya nyuzipepala ya New York Times.

A Sidibé anamwalira ku Bamako pa 14 April 2016 ali ndi zaka pafupifupi 80. Anthu ankawatcha Diso la Bamako. Mu 2017 Fondation Cartier inakonza chionetsero chachikulu chowakumbukira chotchedwa Mali Twist, dzina lotengedwa ku nyimbo ya woimba wa ku Mali, a Boubacar Traoré.

Zimene tikuphunzirapo za ntchitoyi

Choyamba, katundu weniweni wa wojambula ndi nkhokwe ya zithunzi zake. Kamera imatha ndipo mafashoni amasintha, koma negetivi yosungidwa bwino, yolembedwa tsiku ndi malo, imatha kusindikizidwanso patapita zaka 30 kapena 40. Zithunzi zimene poyamba zinkagulidwa ndi achinyamata a m'dera limodzi pa mtengo wochepa ndi zomwezo zimene pambuyo pake zinagulidwa ndi nyumba zosungiramo zaluso za m'maiko ambiri.

Chachiwiri, dzina la wojambula liyenera kuyenda ndi chithunzi chake. Nkhani ya a Seydou Keïta ikutionetsa kuti ntchito ya munthu ingathe kuonetsedwa kutsidya kwa nyanja mwini wake osadziwa. M'malamulo a maiko ambiri, kugula chithunzi chimodzi sikupatsa munthu ufulu wochisindikiza m'buku, pa chimbale kapena pa intaneti. Ufulu umenewo umakhala wa wojambula pokhapokha atagwirizana zina. Ife amene timagwiritsa ntchito zithunzi pa makalata, makalendala ndi zikwangwani tiyenera kupempha chilolezo, kulemba dzina la mwini wake ndi kulipira zimene tinapangana.

Chachitatu, ntchitoyi imaima pa kukhulupirirana. Achinyamata a ku Bamako analola a Sidibé kulowa m'zisangalalo zimene makolo ena ndi akuluakulu a chipani sankakondwera nazo, chifukwa ankadziwa kuti sadzawachititsa manyazi. Chifukwa cha chikhulupiriro chimenecho, dziko la Mali lili ndi umboni wa mmene anthu wamba ankavalira, kuvinira ndi kuchezera m'zaka zoyamba za ufulu wawo, zinthu zimene ojambula a boma sankazilabadira.

Lero filimu yalowedwa m'malo ndi makamera a kompyuta ndi mafoni a m'manja, ndipo ojambula odziimira paokha akukumananso ndi vuto limene a Sidibé anakumana nalo m'zaka za m'ma 1980: aliyense ali ndi kamera, ndipo ofuna kulipira ndi ochepa. Zithunzi za pafoni zimatayika foniyo ikabedwa kapena ikaonongeka. Wojambula amene akufuna kuti ntchito yake ikhalitse ayenera kusunga zithunzi zake m'malo oposa amodzi, kulemba tsiku, malo ndi maina a anthu ojambulidwawo, ndi kugwirizana za mtengo ndi kagwiritsidwe ntchito ka chithunzi asanayambe kujambula.