Lamba wa Mkwatibwi ku Iponga

Munthu wocokera ku Karonga kumka kumpoto, asanaoloke mtsinje wa Songwe umene ulekanitsa Malawi ndi Tanzania, apita pa Iponga, dziko la Ankhonde, la nthoci, mpunga ndi ng'ombe. Kumeneko mwamuna apereka ng'ombe kwa makolo a mkazi, ndipo mkazi ndiye asamuka kukakhala kwa mwamuna. Tsono tifunse kanthu kamodzi: mkwatibwi pocoka kwao anabvala ciani m'cuuno, ndipo anacikonza ndani?

Masiku akale nsaru ya thonje inali yosowa m'dzikomo, ndipo cobvala ca akazi cinali lamba wa ciwondo. Anasenda khungwa la mtengo, nalisula pa cipika ndi nyundo ya mtengo kufikira litafewa, nalidula likhale lalitali ndi lopyapyala. Amuna anabvala manyeta, ndizo mphete za m'cuuno zopotedwa ndi waya wa mkuwa, ndipo wacuma anadziwika ndi kucuruka kwa manyeta ace. Mikanda inalipo, koma ya mtengo wapatali. Pa phiri la Mbande, pamene panali likuru la Kyungu, mfumu yaikuru ya Ankhonde, ofukula zakale anapeza mikanda ya galasi imene inadza ndi amalonda ofuna minyanga ya njobvu.

M'caka ca 1884 a Mandala anatsegula sitoro pa Karonga. M'caka ca 1887 inabuka nkhondo ya Mlozi, wogulitsa akapolo wa ku Mpata, ndipo Ankhonde ambiri anathawira kumpoto, ku mbali za Songwe. Nkhondoyo inatha m'caka ca 1895, pamene Mlozi anagwidwa naphedwa. Mtendere utabwera, merekani ndi mikanda zinayamba kucuruka m'midzi. Koma ciwondo sicinathe msanga, pakuti Godfrey ndi Monica Wilson, amene anaphunzira miyambo ya Anyakyusa ndi Ankhonde kuyambira 1934 kufikira 1938, anapeza akazi alikubvalabe malamba aciwondo. Monica Wilson analembanso kuti kawirikawiri cinamwali ndi ukwati zinali mwambo umodzi, dzina lace ubusungu, m'mene akazi akuru analangiza mtsikana.

Apa ndipo pagona nkhani. Lamba wa mikanda salukika tsiku limodzi. Woluka atunga mikanda pa ulusi alikuwerenga, yofiira ingapo, yoyera ingapo, mzere pamwamba pa mzere. Akaphonya mkanda umodzi maluwa ace apotoka, ndipo ayenera kumasula ndi kubwerera pamene analakwa. Nchito yotere ikhalitsa wamkuru ndi mwana pa mphasa imodzi masiku ambiri, ndipo manja alikugwira nchito, pakamwa sipakhala cete. Cotero mtsikana womka kwa eni atenga zinthu ziwiri, lamba ndi mau a amene anamlukira.

Lero zitenje ndi zokometsera za ukwati zioloka Songwe kucokera ku Kyela, ndipo zigulidwa m'mawa umodzi. Sitinena kuti nzoipa, kapena kuti tibwerere ku ciwondo. Koma ca m'sitoro sicilangiza munthu, ndipo ena a ife tilowa nazo m'ngongole ukwati usanayambe. M'midzi mwathu alipo agogo odziwa kutunga ndi kuluka, ndipo maso ao alikufooka caka ndi caka. Ukwati ukayandikira, tiwagulire ulusi ndi mikanda, ndipo titumize ana athu akakhale pambali pao.