Fennel, Chomera Chimene Aroma Ankachidalira

Aroma akale ankachilemekeza kwambiri chomera cha fennel, cha masamba onga nthenga ndi tinjere tonunkhira bwino. Pliny, mlembi amene anamwalira m'chaka cha 79, analemba kuti njoka ikafundula imadya fennel kuti maso ake aone bwino, choncho anthu nawonso ankachiza nacho maso. Cha m'ma 800, lamulo la mfumu Charlemagne linati chizidzalidwa m'minda yachifumu.

Ku India mpaka lero amatafuna tinjereti akatha kudya, pofuna kukhazika m'mimba.

Za khunyu ndiye pali polakwika. Alipo amene amatama fennel kuti amachiza khunyu ndi kuiwalaiwala, koma mu 1999 madokotala a ku Geneva anatchula mafuta ake pakati pa mafuta a zomera amene angagwetse munthu khunyu. Wodwala khunyu asayerekeze kusiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha tinjereti.