Mawira ndi Kanunkha

Magetsi akathima kuno ku Area 11, majenereta n'kuyamba kulira m'mipanda, nkhani yopanga magetsi ndi kutentha kwa pansi pa nthaka imabukanso. Malo ake makolo anawapatsa kale mayina.

Ku Nkhotakota kuli kasupe wotentha wotchedwa Mawira. Tsinde lake ndi -wira, zija amachita madzi pamoto. Kutenthako n'kumene akatswiri amafuna: amakumba zitsime zakuya, nthunzi n'kumazunguza makina, monga achitira ku Olkaria m'dziko la Kenya kuyambira 1981. Kwathu kasupe wa ku Chiweta, m'boma la Rumphi, amatentha pafupifupi madigiri 80, koma siteshoni yotere sitinamangebe.

Kasupe wina, wa ku Nkhata Bay, ndi Kanunkha. Khutu la Mchewa limamvamo -nunkha. Mneni ameneyu ngodabwitsa. Mukaikamo -ir- n'kukhala kununkhira, fungo loipa lija lasanduka lokoma. Pa kuphika ndi kuphikira, -ir- amangosonyeza wochitiridwa, koma apa watembenuza tanthauzo lonse.

Chimene chimanunkha pa akasupe ambiri otentha ndi mpweya wa hydrogen sulfide, wa fungo la dzira lowola. Mphuno imaumva ngakhale uli wochepetsetsa, ndipo kununkhako ndi chenjezo. Ukachuluka umagonetsa mphuno. Munthu amayesa watha poti sakumvanso fungo, chonsecho ndi pamene wafika poti n'kumupha. Umadyanso mawaya a kopa.

N'chifukwa chake pamasiteshoni amauchotsa. Kuchotsa n'kuchititsa chinthu kuti chichoke, ndipo chochoka chimakhala ndi kolowera. Ku The Geysers ku California amausandutsa sulufule wachikasu, yemwe amatha kuthiridwa m'minda. Ku Hellisheiði ku Iceland, kuyambira 2014, amausungunula m'madzi n'kuupopera pansi, komwe umagwirana ndi chitsulo cha m'miyala n'kukhala mwala wotchedwa pyrite. Kumeneku ndiye kubweza, kuchititsa kuti chibwerere kwawo, ndipo ine njira imeneyi ndi imene yandigwira mtima. Palinso masiteshoni a binary, oyenera madzi osatentha kwambiri, omwe amabwezera madzi pansi osawatsegulira kunja.

A ku Capital Hill akamadzavomereza mapulani a ku Chiweta, ndalama za ntchito yochotsa mpweyawu zidzalembedwe poyambirira. Odzapuma mpweyawo si ife a ku Lilongwe ayi, ndi asodzi ndi ana asukulu a m'mbali mwa msewu wa M1.