Maadilesi anagawana ife tisanafike

Kuno ku Area 49, seva ya Minecraft ikakana kulowetsa anzathu a ku 25, timathamangira kunyoza rauta. Ine ndimati mlandu ndi wakale. IPv4 inakhazikitsidwa mu 1981 ndi maadilesi pafupifupi 4.3 biliyoni, ndipo oyambirira anatapa ndi manja awiri. Apple yokha inatenga oposa 16 miliyoni, pang'ono kukwanira Mmalawi aliyense pa kalembera wa 2018. AFRINIC, yogawa maadilesi mu Africa, inavomerezedwa mu 2005, nkhokwe yaikulu n'kutha mu 2011. Ndiye makampani amatiunjika ambirimbiri pa adilesi imodzi, ati CGNAT: nyumba za lendi, geti limodzi, kiyi ali ndi alandilodi. Tsegulani ma port pa rauta mpaka kutopa, wogogoda kunja sakupezani. Mukafuna adilesi yanuyanu, n'kukapempha kukampani, nthawi zambiri ndi ndalama yapadera.